Galimoto ya Mpando Umodzi

Kalekale, koma osati kale la makolo, kale loti ambiri mwa inu munali mutamera kale mano, ku Bangwe kunali mkamwini wina dzina lake Geresomu. Ankagwira ntchito ya muofesi m'tauni, ndipo ankakhala pa puloti ya apongozi ake, a Nangondo, m'nyumba ya kuseri, pamodzi ndi mkazi wake Elufe ndi mwana wawo Lonjezo. Ulemu anali nawo, sindingamunamizire. Akakumana ndi apongozi panjira ankapatuka, n'kupereka moni maso ali pansi, monga mwambo umafunira. Matenda ake anali amodzi: mutu wake unadzaza galimoto za mpikisano.

Tsiku lina anabwera ndi galimoto yofiira ya zitseko ziwiri, yakale ndithu koma ya injini yaukali. A Nangondo, omwe ankavutika ndi matenda a shuga, anatuluka m'nyumba ndi nthungululu, anavina kuizungulira, n'kuuza mwana wawo mokweza kuti mkamwini amve: "Elufe mwanawe, zokwera kabaza popita kuchipatala ndathana nazo. Pakhomo pano pagwa galimoto!"

Geresomu anamva bwinobwino, koma anakhala ngati sanamve. Galimotoyo sanaigulire chipatala ayi. Kunja kwa mzinda kunali bwalo la ndege lakale kumene anyamata odyerera ankathamangitsako galimoto Loweruka, ndipo mtima wake unali kumeneko.

Ntchito inayambika pansi pa mtengo wa mapeyala. Galimoto ya mpikisano imafuna kupepuka, choncho Geresomu anazula kapeti, wailesi, tayala la sipeya, mipando ya kumbuyo, mpaka mpando wa kutsogolo wa munthu wokwera. Anangosiya umodzi wa woyendetsa, wokumbika ngati mtondo. Anaika ekizozi yolira kuposa chigayo, ndi masipuling'i aafupi moti mimba ya galimoto inatsala pang'ono kukhudza pansi. Inafupika mpaka ngalande ya pageti sinkatha kuidumpha. Popita kukaiyesa kubwalo lija, lole ya mnzake inkachita kulowa pakhomo kudzainyamula. Galimoto kukwera galimoto inzake! Anthu a mumsewumo ankaseka mpaka kugwira nthiti.

A Nangondo ankaonera zonsezi ali pakhonde. Poti apongozi salankhula ndi mkamwini maso ndi maso, anatuma mwana wawo.

"Bambo a Lonjezo," anatero Elufe, "amayi akufunsa kuti mipando mwachotsayi muibwezera liti."

"Mukawauze kuti iyi si minibasi," anayankha Geresomu mutu uli mu injini.

Elufe sanakanene, koma panalibe chifukwa chokanenera. Khonde silinali patali, ndipo makutu a mayiwo anali abwinobwino. Ananyamula mphasa yawo n'kulowa m'nyumba.

Tsono Geresomu anagawa ntchito kwa anthu atatu. Mkazi wake anamuuza kuti akagulitse mipando yonse kumsika wa Limbe, asaionenso pakhomopo. Mlamu wake Lameki, mchimwene wa Elufe, anali wowotcherera zitsulo. Ameneyu anamuuza kuti amange khola la mapaipi mkati mwa galimoto, loteteza woyendetsa ikagubuduzika, ndipo pakhomo la kumanzere apingase zitsulo n'kuziwotcherera chamuyaya. Msuweni wake Yotamu, yemwe ankameta anthu tsitsi pangodya ya msewu, anamusiyira makiyi kuti masana aziliza injini batire isafe. "Kuliza kokha, msuweni," anamuchenjeza. "Giya usalowetse, ndingakuthyole manja." Onse atatu anavomera ndi nkhope zoyera.

Kenaka mumsewumo munagwa maliro. Anamwalira mwamuna wa mnzawo wapamtima wa a Nangondo, ndipo thupi linkakaikidwa kumudzi ku Thyolo. Pamaliro galimoto si ya mwini wake, mukudziwa. Aliyense amene anali nayo anaitulutsa, anthu n'kudzazana mpaka m'mabuti. Akuluakulu ena anafika kwa Geresomu kudzapempha yakeyo. Atasuzumira mkati n'kuona mpando umodzi pakati pa mapaipi, anayang'anizana, anapukusa mitu, n'kutuluka pageti. Zikanakhala bwino akanamutukwana.

Eni galimoto anayamba akweza abale awo, ndipo a pakhomo pa a Nangondo onse malo anawasowa. Mayiwo anaima padzuwa kumsewu nthawi yaitali, chikhalirecho osadya kanthu, akuyembekeza kuti wina awafinyira kampata kuti akaperekeze mnzawo. Galimoto yomaliza itadutsa anabwerera pang'onopang'ono. Atangolowa pageti anagwa chafufumimba pafupi ndi galimoto yofiira ija.

Elufe anakuwa. Anayesa kuwamwetsa madzi a shuga koma sankameza, maso atatembenuka. Munthu wokomoka sangakhale pa kabaza. Wa takisi amene anamuimbira anati ali kutali, adikire. Mumsewu monsemo galimoto inali imodzi yokha, ndipo mwini wake anaima pambali pake manja ali lende. Munthu wodwala akanamuika pati? Geresomu anamva manyazi oti sanawamvepo chibadwire, analakalaka nthaka itang'ambika kuti alowe.

Lameki anayandikira galimotoyo. Anatsegula chitseko cha kumanzere, anatenga sipanala, n'kukanda utoto pamapeto a zitsulo zopingasa zija. Pansi pa utotowo panatuluka mitu ya mabawuti. Zitsulozo sanaziwotcherere konse, anangozimanga n'kupaka utoto wochindikala kuti mlamu wake asaone. Anazimasula n'kuziponya pansi. "Alamu," anatero osamuyang'ana, "khomo limene amayi anga angadzalowere ine sindingalitseke ndi moto."

Elufe anathamangira kuchipinda kwa mayi ake, ndipo anatuluka atasenza mpando wa kutsogolo uja, fumbi lili mbuu. Ya kumbuyo anagulitsadi, koma uwu anaubisa kunsi kwa bedi. Mabawuti ake anali atawamanga pa kansalu, anamasula ndi mano n'kupatsa mchimwene wake. Mpando utamangidwa anaugoneka chagada, ndipo iye ndi Lameki ananyamula mayi awo n'kuwagonekapo. Elufe anadzipanikiza kumbuyo pakati pa mapaipi, atagwira mutu wa mayi ake. "Ndinakunamizani, bambo a Lonjezo," anatero. "Tikambirana madzulo. Panopa yendetsani."

Geresomu analowa, analiza injini, nayenda kulunjika pageti. Pangalande paja mimba ya galimoto inagunda simenti, khoo! Inakakamira pomwepo, matayala akungozungulira. Anaponda mafuta mpaka utsi koboo, koma sinasunthe. Munthu wofuna kukapikisana ndi anyamata a m'tauni analephera kutuluka pageti la apongozi ake.

Yotamu, yemwe anabwera chothamanga atamva kukuwa, anamukoka malaya. "Tuluka, msuweni, utiphera munthu!" Anapita kuseri kwa bafa, anabwera ndi matabwa okhuthala omwe matayala anali atawadya kale pakati. Anaikankhira galimoto m'mbuyo, anayala matabwawo chopingasa, n'kuitulutsa cham'mbali, tayala limodzilimodzi, osakhudza pansi. Zinali zoonekeratu kuti sikanali koyamba. Masana onse amene Geresomu ankakhala kuofesi, wometa uja ankaitulutsa kukazungulira nayo mpaka ku Limbe. Hampu iliyonse ndi dzenje lililonse la mumsewumo ankazidziwa. Msewu wonse unkadziwa zimenezi, ndi ekizozi imene ija akanalephera kumva ndani? Amene sankadziwa anali mwini galimoto yekha.

Galimoto inauluka, ndipo Geresomu anatsala pageti m'fumbi lake. Malo a munthu wachinayi munalibe, poti anawachotsa yekha ndi manja ake. Anatsatira pambuyo atakwera kabaza, kabaza yemwe uja apongozi ake ankati athana naye.

Kuchipatala adokotala ananena kuti akanachedwa pang'ono pokha nkhani ikanakhala ina. A Nangondo anagonekedwa masiku angapo, n'kutuluka akuyenda okha.

Atabwerera kunyumba anthu anadzaza pakhomo kudzawazonda. Pamaso pa onsewo mayiwo anachita chinthu chimene sanachitepo. Anayenda mpaka pamene panakhala mkamwini wawo, anagwada, anaomba m'manja, n'kulankhula naye mwachindunji.

"Bambo, zikomo. Galimoto yanu yandipulumutsa. Minibasi sikanathamanga chonchija."

Kaya ananena ndi mtima woyera, kaya munali kamunga, ine sindikudziwa, ndipo Geresomu nayenso sanadziwe. Chimene ndikudziwa n'chakuti mawuwo anamuwotcha kuposa mbama. Misozi inalengeza m'maso mwake. Anatulutsa makiyi m'thumba, nawaika pamphasa.

"Amayi, dzukani, musandigwadire ine. Ine ndinachotsa mpando wanu, ndinalamula kuti khomo lanu litsekedwe, ndipo ndinakuchedwetsani pageti. Galimoto iyi sindingaikwerenso, ndikaiona ndimachita manyazi. Aitenge amene anakupulumutsani."

Apa m'pamene panavuta, chifukwa manja atatu anatambasuka nthawi imodzi.

"Popanda ine khomo likanakhala lotseka," anatero Lameki. "Mpando wanuwo mukanaulowetsera pati? Amayi mukanawaponyera pawindo?"

"Achimwene, khomo lolowera pazitsulo zokhazokha n'lachiyani?" anatero Elufe. "Mukanawagoneka pamapaipi, ndi liwiro limene lija akanafika ataphwanyika mutu. Komanso mabawuti anu obisikawo, galimoto ikanagubuduzika kubwalo kuja, bwenzi ine ndili wamasiye."

"Nonse mwalankhula bwino," anatero Yotamu akuseka. "Koma khomo lanu ndi mpando wanu zinali zitakakamira pangalande. Anafika nazo kuchipatala ndani?"

"Iwe khala chete, unkaba galimoto ya mwini!" anatero Lameki.

"Ine ndinkabwereka. Amene ananamiza mwamuna wake m'nyumba si ine."

Anthu anafunsa Geresomu kuti agamule. Anangoweramitsa mutu. Akanagamula bwanji, poti onse atatu anamupusitsa, ndipo kupusitsidwa kwakeko n'kumene kunapulumutsa moyo wa apongozi ake? Akanamumvera onse monga ankafunira, bwenzi tsikulo anthu atasonkhana pakhomopo kudzakhuza maliro. Anthu aja anafunsa a Nangondo, koma iwo anati awiri ndi ana awo obereka okha, wachitatu ndi mbale wa mkamwini, sangaike pakamwa pawo pamenepo.

Ndipo musaiwale kuti aliyense anali nazo zake mumtima. Elufe ankati akaitenga abwezeramo mipando yonse, izinyamula odwala ndi opita kumaliro. Lameki ankati aigulitsa, agule kagalimoto kotsegula kumbuyo konyamulira mageti ndi mafelemu ake, apabanja azikwera akafuna. Yotamu sanabise, ankati Loweruka lomwelo akaithamangitsa kubwalo la ndege, dzina la Bangwe likamveke.

Dzuwa linapendeka, tiyi anazizira m'makapu, anthu akukanganabe. Makiyi anali pamphasa pomwe paja, ndipo Geresomu anakhala poteropo osadzutsa nkhope.

Tsono ndakutulirani inu mlanduwu. Lameki anasiya khomo, koma anaika moyo wa mlamu wake pachiswe. Elufe anasunga mpando, koma ananamiza mwamuna wake. Yotamu anafikitsa wodwala kuchipatala, koma luso lakelo analiphunzira mwakuba. Inuyo mukanakhala pamphasa paja, makiyi amenewa mukanatola n'kupatsa ndani?