Kaemupi ka a Kamphinda

Ana inu a masiku ano mumandiseketsa. Ndikati lowezani ndakatulo, mumati ili mufoni. Ndikati mvetserani bwino, mumati tajambula kale, tikamvera kunyumba. Chabwino, palibe mlandu. Koma takhalani kaye phee, inunso a kumbuyoko amene mukukodolana, ndikuuzeni kumene unachokera mwambi wina umene anthu amangoutchula osadziwa kuti unabadwa ndi misozi. Ena adzakuuzani kuti ndi wakalekale. Asiyeni anene. Ife a kwathu tikudziwa tsiku limene tinaumva koyamba.

Chakumtunda kwa Mponela kunali bambo wina dzina lake a Zakeyu Kamphinda. Anali mlimi wa mtedza ngati wina aliyense, koma Mulungu anawapatsa khutu. Kwaya ya patchalitchi chathu ankaiphunzitsa ndi iwo, ndipo nyimbo zambiri zimene tinkaimba zinali zopeka okha. Kulemba nyimbo papepala sankadziwa, sankafunanso kudziwa. Ankaipeka ali kumunda, n'kuisunga m'mutu, Lachitatu masana n'kudzaithira m'kamwa mwa anthu, mzere ndi mzere, mpaka ikhazikike. Ukaphonya ankangokuyang'ana, iwe n'kulakalaka nthaka itang'ambika.

Akazi awo anali atatsogola kale. Anatsala ndi mwana wamkazi, Felesiya, amene anam'patsa dzina la amayi awo, motero sankamutchula dzina, ankangoti "mayi wanga". Felesiya anali ndi mawu, abale inu! Akayambitsa nyimbo, ngakhale ana olira ankatonthola. Koma anali munthu wotanganidwa. Ankagulitsa kaunjika, lero msika uno mawa msika uja, ana kusukulu, mwamuna kuesiteti ya fodya ku Kasungu.

Chaka china mwana wa mlongo wawo wa a Kamphinda, amene ankagwira ntchito ku Joni, anawabweretsera mphatso. Kanali kanthu kakang'ono ngati bokosi la machesi, kokhala ndi kagalasi kowala ndi tizingwe toika m'makutu. Kankasunga nyimbo, komanso kankatha kujambula mawu a munthu. Dzina lake lenileni linali lopinda lilime, ndiye ife tinkangoti kaemupi. Musaiwale kuti nthawi imeneyo mafoni athu anali ongoimbira ndi kuunikira m'nkhokwe, kujambula sankatha. Kaemupi kanali chinthu chodabwitsa mudzi wonse.

Patapita nthawi a Kamphinda anayamba kudwala chifuwa, ndipo anadziwa okha kuti ulendo wayandikira. M'mawa wina Felesiya anadutsa kudzawaona, belo la zovala lili pamsewu kudikira galimoto.

"Mayi wanga," anatero iwo, "ndapeka nyimbo. Iyi si ya kwaya. Ndi ya tsiku limene mudzandimangire chiliza, ndipo ndikufuna udzaimbe ndiwe, wekha. Khala apa ndikuphunzitse."

"Iii, ababa, musamayankhule choncho! Muchira inu. Ndiponso lero ndi tsiku la msika, galimoto indisiya. Bwanji mungoiimbira mu kaemupi kanu kaja? Ndidzaiphunzira bwinobwino ndikapeza mpata."

"Kaja kalibe pakamwa pokudzudzula ukaphonya."

"Ndidzaimba, ababa. Ndalonjeza pamaso panu."

Musafulumire kumuweruza Felesiya. Si kuti sankawakonda bambo ake, ankawakonda kwambiri. Vuto linali mantha. Kukhala pansi n'kuphunzira nyimbo ya pachiliza kunali kuvomera kuti bambo ake akupita, ndipo mtima wake unkakana zimenezo. Anamuitananso kangapo, iye n'kumapeza chifukwa: mwana wadwala, msika wa mawa ndi waukulu, ndibwera Lamulungu. Potsiriza a Kamphinda anatopa. Anatseka chitseko, n'kuimbira mu kaemupi, osauza wina aliyense mawu ake chifukwa inali mphatso ya mwana wawo. Anamwalira mvula ili mkati, chimanga chikumasula.

Mwambo wa kwathu mukuudziwa: katundu wa malemu sagwidwa chisawawa. Mng'ono wawo wa malemu, a Yotamu, anasonkhanitsa zonse, jekete, Baibulo, lumo, nsapato za kutchalitchi, ndi kaemupi komwe, n'kutsekera m'sutikesi kudikira tsiku limene abale onse adzakumane. Felesiya anapita kukagwada.

"Bambo aang'ono, sindikufuna chilichonse. Mungondibwereka kaemupi kokha, muli nyimbo imene ababa anandisiyira."

"Mwana wanga," anayankha a Yotamu, "ukayamba iwe kutola, mawa wina adzatola njinga, mkuja tidzamenyana. Dikira anzako. Nyimbo si tomato kuti iwola."

Sanali munthu woipa, ayi. Ankasunga mtendere wa pabanja mmene ankadziwira. Felesiya nayenso, tinene zoona, mtima unakhala pansi. Nyimbo inalipo, inali pabwino, yotsekeredwa ndi loko. Ankati akakumbukira lonjezo lake, ankadziuza kuti nthawi ikadalipo.

Chaka chimenecho zokolola zinavuta, chiliza sichinamangidwe. Sutikesi inakhala pakona m'nyumba ya a Yotamu, kutentha kwa Okutobala kunaipeza pomwepo, chinyontho cha dzinja chinaipezanso pomwepo. Chaka chotsatira mtedza unachita bwino, ndipo abale anagwirizana kuti mwambo uchitike mu Ogasiti. Sabata ya mwambo itakwana, onse atafika, a Yotamu anatsegula sutikesi n'kugawa katundu, ndipo kaemupi anam'patsa Felesiya m'manja.

Anathamanga nako kugolosale kukatchaja. Katayaka, anakhala kuseri kwa nyumba, n'kuika tizingwe m'makutu. Anamva kutsokomola. Kenako mawu a bambo ake, ngati ali pafupi pomwepo: "Mayi wanga, mvera." Ndipo anayamba kuimba motsitsa:

"Mzere wanga ndatsiriza, Mbuye, dzuwa lapendeka.
Khasu langa ndilisiye kwa..."

Basi, zii. Kagalasi kanauma, batani lililonse linakana kupatula lozimitsira. Anakazimitsa n'kukayatsanso: kutsokomola, "Mayi wanga, mvera," mzere woyamba, theka la wachiwiri, zii. Anayesa mpaka chala kupweteka, koma kankaima pamalo omwewo.

M'mawa mwake anakwera njinga ya kabaza kupita pa Mponela, kwa mnyamata wina wamkulu ndithu, a Waisoni, amene anali ndi kanyumba koikira anthu nyimbo ndi kukonza mafoni. A Waisoni analumikiza kaemupi ku kompyuta, nayang'ana nthawi yaitali, napukusa mutu.

"Mayi, kompyuta sikukaona n'komwe, ndiye sindingathe kukopera zimene zilimo. M'kati mwa kanthu aka muli pulogalamu imene imakauza zochita, imeneyo ndiyo yasokonekera. Nyimbo yanu ilimo, koma chitseko chakana kutseguka."

"Ndiye palibe chochita?"

"Chilipo chimodzi. Amene anakapanga anatulutsa pulogalamu yatsopano. Nditha kuitsitsa pa intaneti n'kuilowetsa m'malo mwa yakaleyo, ndi zimene timati apudeti. Nthawi zambiri kamadzuka bwinobwino, zonse zili momwemo. Koma sindikufuna kukunamizani: nthawi zina pulogalamu yatsopano ikamalowa imasesa m'nyumba monse. Zikatero, ngakhale kachidutswa mukumvaka simudzakamvanso."

Felesiya anatenga kaemupi n'kutuluka. Anakakhala pakhonde la sitolo yoyandikana, anthu akudutsa ndi madengu, ndipo anamvera kachidutswa kaja mobwerezabwereza, akuimba motsatira chamumtima. Taganizani inuyo mukanatani. Kukasiya momwemo, akanakhala ndi mawu a bambo ake moyo wake wonse, kutsokomola kuja, kuitana kuja, koma lonjezo likanafa. Kuvomera apudeti, akanatha kupeza nyimbo yonse, kapena kutaya ndi chochepa chomwecho. Anakhala pamenepo mpaka mthunzi unam'thawa.

Atabwerera anati, "Ababa sanapeke theka la nyimbo. Ikani."

"Mwatsimikiza, mayi?"

"Ikani, achimwene, ndisanasinthe maganizo."

A Waisoni analumikizanso. Pakagalasi panaoneka kamzere kakudzadza pang'onopang'ono, ndipo anachenjeza kuti wina asakhudze chingwe ngakhale pang'ono. Felesiya anapinda manja pachifuwa, milomo ikuyenda. Magetsi sanazime, chingwe sichinagwedezeke, palibe amene analakwitsa kanthu. Kamzere kanadzadza. Kaemupi kanazima kokha, n'kuyakanso kokha, kowala kuposa kale, zilembo zatsopano zokongola, mabatani onse akumvera.

"Kadzuka!" anafuula Felesiya, n'kuwomba m'manja.

A Waisoni anaweramira pakagalasi. Ankadina apa, kudina apo, nkhope ikugwa. Kenako anavula chipewa n'kuchiika patebulo.

"Mayi, pepani. Mulibe kanthu."

Munthuyo anayesetsa, tisamunamizire. Anabweza makasitomala ena, n'kukhalira kufufuza ndi njira zonse zimene ankadziwa mpaka dzuwa kupendeka. Sanapeze ngakhale kutsokomola. Felesiya sanalire pamenepo. Anathokoza, n'kumanga kaemupi pansonga ya chitenje, n'kuyenda wapansi mpaka kumudzi, akuimba mzere umodzi ndi theka njira yonse kuopa kuti nawonso ungam'thawe.

Masiku otsalawo anazungulira nyumba ndi nyumba. Anafunsa a kwaya, onse anati nyimbo imeneyo sanaimvepo. Mayi wina woyandikana nyumba anati ankamva malemu akung'ung'udza kenakake chitseko chili chotseka, koma mawu sanawagwire. Wina analangiza kuti angopeka yekha mathero ake, ndani angadziwe? Felesiya anakana. Anati bambo ake akanadziwa.

Tsiku la chiliza linafika ndi mphepo ya Ogasiti, ija youma yodzadza fumbi m'maso. Abusa atapemphera, nsalu itachotsedwa pachiliza, anaitana mwana wa malemu kuti aimbe nyimbo imene bambo ake anam'siyira. Felesiya anaima kumutu kwa manda. Mawu ake anatuluka oyera ngati kale:

"Mzere wanga ndatsiriza, Mbuye, dzuwa lapendeka.
Khasu langa ndilisiye kwa..."

Anaima. Anthu anadikira, poganiza kuti akupuma. A kwaya anali atatsegula kale pakamwa kuti alandire. Koma panalibe cholandira. Kunangomveka masamba ouma akukokeka pansi.

"Ndi pomwepa pamene ndikudziwa," anatero Felesiya. "Anandiitana kuti andiphunzitse, ine ndinathamangira msika. Ababa, ndikhululukireni."

Apo ndiye analira, kulira kwa maliro atsopano, ndipo ife tonse tinalira naye. Ine ndakhala pamaliro ambiri, koma chisoni cha tsiku limenelo sindinachionenso.

Potuluka kumanda, a Yotamu anakhala pansi pa mtengo wa msuku. Felesiya anadzakhala pambali pawo. Mkuluyo anatulutsa kabotolo ka fodya wonunkhiza, n'kuthira pang'ono pachala, koma m'malo monunkhiza anayamba kuyankhula, chala chili m'mwamba.

"Mwana wanga, mlanduwu si wako wekha. Unabwera kudzagwada, ine ndinakubweza. Ndinkayesa ndikusunga, osadziwa kuti..."

Asanamalize, mphepo inakuntha. Atayang'ana pachala, panali mbee, fodya yense wapita. Anayang'anitsitsa chalacho, kenako anaseka kuseka kowawa.

"Ha! Waona? Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo."

Amene anali pafupi anamva, nakauza ena, ndipo mawuwo anayenda mpaka anafika kumene a Kamphinda sanapondeko.

Tsono tamverani tanthauzo lake, chifukwa ena amaupotoza. Mwambiwu sukunena kuti zipangizo n'zoipa. Kaemupi sikanalakwe, a Waisoni sanalakwe, ngakhale mwambo wa a Yotamu unali ndi nzeru zake. Ukunena kuti chinthu chimakhala chako pokhapokha chitalowa mwa iwe. Fodya wa pachala umamuona, umamva ndi fungo lake, umati ndi wanga, koma sunam'gwiritse ntchito, ndipo pakati pa chala ndi mphuno pali mphepo. Chimodzimodzi nzeru imene ili m'buku limene sunawerenge, luso limene lili m'manja mwa amalume ako amene ukuti udzawafunsa chaka cha mawa, mbiri ya banja lanu imene ili m'mutu mwa munthu mmodzi wokalamba. Zonsezo zili pachala. Ukhoza kuzisunga pabwino, kuzitsekera ndi loko, koma kusunga si kukhala nacho.

Felesiya anatsala ndi mzere umodzi ndi theka, umene anaulowetsa mumtima atakhala pakhonde la sitolo lija. Umenewo palibe apudeti imene ingaufufute, ndipo amauimbabe akamachapa. Koma khasu lija bambo ake ankafuna kulisiya kwa yani, kwa iye, kwa adzukulu, kapena kwa Mulungu amene, palibe munthu pansi pano amene adzadziwe.