Mwana Woimbira Kuseri kwa Nsalu

Panali mphunzitsi wina amene ankaphunzitsa ana masewero a nyimbo. Sukulu ikamatsekera, makolo ndi alendo ankabwera kudzaonera, ndipo ntchito yake ankaidziwa, tisamunamizire. Koma anali ndi diso losankha. Kwa iye mfumukazi ya m'sewero inayenera kukhala mwana woyera khungu, wa Chingerezi cha m'mphuno, monga ankaonera pa zithunzi za m'mabuku amene anaphunziramo. Ana akuda ankasenza mitsuko, ena n'kumaima ngati mitengo.

Chaka china mfumukazi imene anasankha inali yokongola ndithu, koma ikati iyimbe, ngakhale nkhuku zinkathawa. M'kalasi momwemo munali Asiyatu, mwana wa telala, wakuda bii, Chichewa chake chomveka Chiyao. Ameneyu akaimba, odutsa pamsewu ankaima. Mphunzitsi uja anapeza nzeru: Asiyatu aziimbira kuseri kwa nsalu yotchinga, mfumukazi izingoyendetsa milomo kutsogolo.

Asiyatu anachita manyazi kunena zonse kunyumba. Anangoti, "Ababa, nyimbo za mfumukazi ndidzaimba ndine."

Telala anakondwa. Anapita kusukulu kukapempha kuti diresi la mfumukazi asoke yekha. Miyezo sanafunse, pakuti msinkhu wa mwana wake ankaudziwa pamtima.

Tsiku la sewero anakhala pabenchi yakutsogolo, atavala mkanjo wake wa pa Idi. Mfumukazi inatuluka. Diresi linali lomwe lija, koma analipinda ndi mapini chifukwa linatalika, ndipo wolivala anali mwana wa eni. Kenaka nyimbo inayamba, ndipo mawu anali a Asiyatu.

Telala sanakalipe. Ananyamuka, nazungulira kuseri, nakhala pansi pa simenti moyang'anana ndi mwana wake, amene ankaimba ali chiimire pakati pa matsache ndi madesiki othyoka.

Mphunzitsi anamupeza pamenepo. "Bambo, mwasochera. Sewero lili kutsogoloku."

"Sindinasochere, aphunzitsi. Kumva ndimamumva tsiku ndi tsiku akamatsuka mbale. Lero ndinabwera kudzamuona."

Mphunzitsi anagwira chingwe cha nsalu ija. Akanangokoka kamodzi, holo yonse ikanamuona mwanayo. Koma anaganiza za alendo, anaganiza za manyazi ake, ndipo ali m'kati moganiza nyimbo inatha. Anthu anaomba m'manja, kuombera wina.

Chaka chotsatira mphunzitsi uja anasintha. Anayamba kumatsinzina n'kumvetsera mwana aliyense asanamupatse malo m'sewero, ndipo nyimbo za Chiyao, za Chisena ndi za Chitumbuka zinamveka m'holo muja. Koma Asiyatu anali atalemba mayeso a Sitandade 8 n'kuchoka, ndipo banja lake linasamuka. Mphunzitsi anafunsa pakhonde la sitolo pamene telala ankasokera, koma palibe amene ankadziwa kumene analowera. Mpaka anapuma pantchito, mtima ukumupwetekabe. Ankalakalaka tsiku limodzi lokhalo litabwerera, koma madzi akatayika saoleka.

Inu amene mwapatsidwa ana a anthu, musadzinamize kuti mudzakonza chaka chamawa. Chaka chamawa kudzabwera ana ena, ndipo amene mwamubisa lero adzakhala atapita. Kayang'aneni kuseri kwa nsalu yanu, ndipo mukapezako mwana, kokani chingwe nyimbo isanathe.