Paipi Yopaka Penti Kunja

Panali munthu wina, dzina lake Kamtedza, amene ankalima tomato m'dimba la m'munsi mwa phiri. Madzi ankachokera padziwe la kumtunda, kudzera m'paipi yachitsulo yakalekale imene bambo ake anaipeza esiteti ya fodya itatsekedwa.

Paipiyo Kamtedza ankainyadira. Chaka chilichonse mvula ikatha ankaipukuta n'kuipaka penti yobiriwira, mpaka odutsa ankaima n'kumayamikira, iye kumtima kuli mbee. Madzi ankatsika okha, pang'onopang'ono, osamveka n'komwe, ndipo timizere take tochepa tinkakhuta.

Koma munthuyu analibe mtima wokhazikika. Ngakhale pamaliro, akakhala pansi mwendo unkangogwedezeka. Chaka china ataona anzake akukweza madengu pa lole, analima dimba lonse mpaka kumalire, n'kudzala mbande zonse zimene anali nazo. Dzuwa la Okutobala linamupeza tomato ali pamaluwa. Mizere yakumtunda inkamwa, yakumunsi masamba ali lende. Akanati achedwe sabata imeneyo, maluwa onse akanayoyoka.

Anapita kwa mlamu wake kukabwereka injini yopopera madzi, naimanga padziwe kuti izikankha madzi m'paipimo. Atailiza, anathamanga kutsika kukaona. Madzi anali atawonjezekera ndithu, koma osati monga ankayembekezera. Anakweranso phiri, nawonjezera moto. Anatsikanso. Paipi inali itayamba kulira, ukaigwira inkanjenjemera, koma kumapeto kwake madzi ankatuluka amatope, akulavula thovu, ochuluka pang'ono chabe kuposa poyamba.

Tsiku lonse linathera m'njira, kukwera ndi kutsika. Chakudya chinazizira pansi pa mtengo. Anatukwana injini kuti ndi yaulesi, anatukwana mlamu wake kuti wamupatsa yakutha, anatukwana dziwe. Paipi yokha sanaitukwane, poti inali kunyezimira.

Mkazi wake, Nangozo, amene ankathirira mizere yakumunsi ndi kheni, anamuimitsa.

"Bambo, bwezani motowo. Simukumva mmene ikulirira?"

"Ikulira chifukwa ikugwira ntchito," anayankha Kamtedza, osaima.

Atafika padziwe anatenga waya, namangirira chowonjezera moto cha injini kumapeto kwenikweni kuti chisabwerere. Potsika, sanafike ndi pakati pa phiri pomwe. Polumikizira pena panaphulika, paipi n'kung'ambika, madzi onse n'kuthawira m'chigwembe.

Pamenepo ndi pamene Kamtedza anaona m'kati mwa paipi yake koyamba. Munali dzimbiri lokhalokha, lomera timabampu tolimba kuzungulira monse, kukhakhala ngati khungwa la mtengo wakale. Analowetsamo chala, chinatuluka chikuwukha magazi. Nangozo anafika, nayang'ana m'katimo, nayang'ananso penti wa kunja.

"Zaka zonsezi," anatero mayiyo, n'kunyamula kheni wake kubwerera kumunsi.

Mwina mukufunsa kuti bwanji dzimbirilo silinavute kale. Madzi akamayenda mofatsa, aja ogundana ndi chitsulo amakhala ngati agona, n'kuphimba timabampu tonse, enawo n'kumangotsetsereka pamwamba pawo. Paipi yosalala ndi yokhakhala sizisiyana kwenikweni nthawi imeneyo. Koma ukawathamangitsa, ogona aja amadzuka. Kabampu kalikonse kamawakola, amatembenuka, amazungulira, amagundana okhaokha, ndipo mphamvu ya injini imathera mumkangano umenewo. Ukawonjezera moto, mkanganowo ndiye umakula msanga kuposa madzi ofika kumunda.

Kamtedza anayendayenda m'midzi kufuna paipi ina. Pamene ankaipeza, yapulasitiki, yotuwa, yosaoneka bwino koma yosalala m'kati, maluwa ambiri m'dimbamo anali atayoyoka. Chaka chimenecho anakolola mizere yokhayo imene Nangozo anaipulumutsa ndi kheni. Ndimamumvera chisoni munthuyu, chifukwa sanali waulesi. Anakwera phiri lija mpaka mapazi kutupa.

Tsono nkhaniyi ndakambira inu a komiti ya zomangamanga ya patchalitchi pano, ndakhala ndikukumverani kuyambira m'mawa, ndipo mutu wanga wauma. Aliyense akuti kale sitinkakangana. Zoona, sitinkakangana, chifukwa kale panalibe chotithamangitsa. Tinkakumana Lamlungu, moni moni, aliyense kwawo, titavala zoyera. Lero mvula yayandikira, tchalitchi chilibe denga, ndipo mawu aliwonse akukola munthu. Uyu sakufuna kuuzidwa ndi wamng'ono. Uyu akusungabe zimene ananenedwa paukwati wa mwana wake. Sizinabwere ndi dengali zimenezi, zinalimo kale. Ndiye mukuti tiwonjezere misonkhano, tiike chindapusa, tikweze mawu. Inu mukumangirira waya pa injini.

Musanatuluke muno, aliyense alowetse chala m'kati mwa mtima wake. Chikatuluka ndi magazi, adzuke apite kukayanjana ndi mnzake uja akumudziwayo, lero lomwe, mitambo isanade.