Nyika za Mayi Nangozo M'nyumba ya Malamulo

Ana inu, mwambi uja wa chitseko suchokera kutali. Unabadwa chaka china cha chilala, chisankho chili pafupi.

Mayi Edina Nangozo anali phungu wa chipani cholamula, wochokera kudera la kuchigwa. Kwawoko nkhokwe zinali zitauma, ndipo anthu ankadya nyika, timizu towawa ta m'madambo. Koma akuluakulu a chipani ankaopa kuti mawu oti njala awaluzitsa chisankho. Choncho Bambo Chimbalanga, wosungitsa mwambo m'chipanimo, anagawira aphungu mapepala a zokalankhula.

"Mukawerenge momwe zililimu, Olemekezeka," anawauza Mayi Nangozo. "Chimanga chilipo chokwanira."

"Chili kuti, bambo? Ndangochokera kumaliro kwa mwana wa mng'ono wanga."

"Pepani ndi malirowo. Koma mpando wanuwo ena akuufuna."

M'nyumba ya Malamulo aphungu a boma ankaimirira motsatizana, aliyense kutamanda zokolola. Otsutsa ankakuwa za njala, chonsecho m'zaka zomwe ankalamula okha ankakana mawu omwewo. Nthawi yawo itakwana, Mayi Nangozo anayang'ana pepala lija. Kenaka analipinda, natulutsa m'chikwama nyika zodzaza dzanja.

"Bambo Sipikala, chakudya cha kwathu ndi ichi. Amene akuti chimanga chilipo abwere alawe."

Munabuka phokoso. Anzawo anawatcha wogalukira. Sipikala anawalamula kuti abweze mawuwo.

"Sindibweza. Amene tawaika m'manda muwabweza ndinu?"

Sipikala anawauza kuti atuluke. Msilikali wa m'nyumbamo anathamangira kukhomo kuti akawatsekulire chitseko, koma mayiwo anamuimitsa.

"Musavutike, bambo. Inu m'mimba simunamve kanthu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

Anatsekula okha, natuluka osacheuka. Aphungu awiri a kuchigwa, a chipani chomwecho, ananyamuka kuwatsatira.

Chipani chinawachotsa Mayi Nangozo sabata yomweyo, ndipo ena amene ankadya nawo anasiya kuwapatsa moni. Koma nkhani ya njala sinabisikenso. Mwezi usanathe nduna ya zaulimi inavomera kuti zinthu zavuta, magalimoto a chimanga nayamba kutsikira kuchigwa.

Ndiye mukamva akulu akuti "wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko," akunena kuti wokhuta amalankhula zomusungira mpando. Vuto likakhala lako, usadikire kuti wina akakunenere. Dzuka wekha, ngakhale ena akwiye.