Chipinda cha Penti Wosauma

Panali kalipentala wina wachinyamata amene anzake a pa shedi ankamutcha Mphezi, poti chilichonse chimene wagwira ankafuna chithe dzulo. Luso anali nalo, pamenepo palibe ankatsutsa. Thabwa likadutsa m'manja mwake linkasalala ngati tsaya la khanda. Koma kudikira kokha ndiko kunali mdani wake.

Mkazi wake atapita kuchipatala kukachira mwana wawo woyamba, Mphezi anatsala m'nyumba ya zii, mtima uli wodzaza maloto. Ankafuna kuti mkaziyo akadzatsegula chitseko cha kuchipinda adzagwire pakamwa. Makoma anawapaka penti wa mafuta wa mtundu wa thambo. Anakhoma kabedi ka mwana ka mizati yozokota maluwa, n'kukathira vanishi mpaka munthu ankadziona nkhope. Zitini zotsala ndi botolo la thina wosungunulira penti anazikankhira kunsi kwa bedi lalikulu. Kenaka anachita zimene mmisiri amachita poteteza ntchito yake: anatseka mawindo onse, n'kutsendera chiguduli kunsi kwa chitseko, kuti fumbi lisamatirire pa vanishi.

Tsiku limene uthenga unafika kuti kwabadwa mwana wamkazi, mlamu wake, mkulu wa mkazi wakeyo, anabwera kudzatenga nsalu. Atangosuzumira kuchipindako anabwerera chafutambuyo akutsokomola.

"Alamu, muno mukufuna kugonekamo mwana kapena kupheramo mphemvu?"

"Nsanje basi," anatero Mphezi akuseka. "Amuna anu anakukhomeranipo ngakhale kampando?"

"Sindikuseka ine. Tsegulani mawindowa, zitinizi zituluke, muno mupite mphepo. Mayi ndi mwana ayambe akhala kwa amayi mpaka fungoli lithe."

"Mwana wanga woyamba akafikire kwa apongozi, nyumba ndili nayo? Fungoli ndi la chinthu chatsopano, alamu. Ine ndimalipuma tsiku ndi tsiku, ndafa?"

"Inu mumalipumira pa shedi yopanda makoma. Komanso mapapo anuwo ndi chikumba, a mwanayo ndi anthete."

Mawuwo analowera khutu ili n'kutulukira linalo.

M'mawa mwake Mphezi anakatenga banja lake. Ndipo zinachitikadi monga analotera. Mkazi wake anaima pakhomo la chipinda, mwana ali m'manja, misozi ili lengelenge.

"Zonsezi mwapanga nokha, bambo ake?"

"Nanga ndani winanso?"

Mkaziyo anasisita maluwa a pa kabedi, kenaka anakwinya mphuno. "Koma kafungoka. Bwanji titsegule windo pang'ono?"

"Mawa, mayi. M'zozokotamo vanishi sanagwire bwino, fumbi la mumsewu lingawononge zonse."

Chikondi chimatseka pakamwa. Mkaziyo anaona chimwemwe chili pankhope ya mwamuna wake ndipo sanafune kuchithira madzi. Anagoneka mwana m'kabedi kaja, naye n'kutsamira pabedi. Mphezi anakoka chitseko, ulendo ku shedi kukadzitama kwa anzake kuti tsopano ndi bambo.

Dzuwa linakwera, malata anayamba kuthetheka. Chipinda chija chinasanduka ng'anjo, ndipo makoma, kabedi ndi zitini za kunsi zija zonse zinkafuka utsi wosaoneka ndi maso.

Masana mlamu uja anabwera ndi beseni la matewera ochapa. Anaodira, zii. Atakankha chitseko anapeza mng'ono wake atakhala pansi, wagwira mutu, atasanza. Mwana anali maso psuu, akukana bere, mpweya ukulira ngati kherere, kachifuwa kakulowa m'kati akamapuma. Beseni linagwa. Mlamuyo ananyamula mwanayo n'kutulukira panja akukuwa, anthu oyandikana nawo n'kuthandiza kudzutsa mayiyo. Wina anathamangira ku shedi kukaitana Mphezi.

Kuchipatala namwino ananunkhiza shawelo ya mwanayo, n'kumuyang'ana Mphezi kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Bambo, mwanayu amagona m'galaja?"

Mwanayo anamulowetsa m'kati n'kumuika pa makina a mpweya, Mphezi n'kuuzidwa kuti akhale pa benchi. Apo ndiye panalibe chokhoma, chopala, kapena chofulumizitsa. Munthu wosadziwa kudikira uja anadikira, maso ali pachitseko, manja onunkha thina atawapana m'maondo. Akamva kulira kwa khanda ankadzambatuka, n'kupeza kuti ndi la eni.

Dzuwa litapendeka namwino uja anatuluka. "Wayamba kupuma bwino, wayamwanso. Mayi akenso mutu waleka. Koma mumve: penti ndi vanishi zimapitiriza kutulutsa mpweya woipa ngakhale zitauma pamwamba. Zimafuna mawindo otsegula ndi nthawi. Mwanayu asalowenso m'menemo mpaka mphuno isamvenso kanthu."

Apongozi ake anali ataima pambali. Sanakalipe, ndipo kusakalipako ndiko kunamulasa.

"Bambo, ndamva kuti kabedi n'kokongola. Koma mwana sapuma kukongola. Akatuluka muno ndikupita nawo kwathu onse awiri. Chipinda chikadzapita mphepo mudzandiitane, ndidzanunkhize ndekha."

Mphezi anangoti, "Ndamva, amayi."

Choncho munthu amene anakana kudikira masiku owerengeka anadikira milungu. Mawindo anakhala chitsegulire. Kabedi anakatulutsa pakhonde, fumbi limene ankaliopa lija n'kumakhalapo mwaufulu. Zitini anakazisiya ku shedi, ndipo zovala za ntchito zinasiya kulowa kuchipinda. Akaweruka ankasamba, kusintha malaya, n'kuyenda mpaka kwa apongozi, kumene ankamupatsa mwana wake yemwe kuti amunyamule pang'ono ngati mlendo. Mchombo unagwa iye kulibe. Kumwetulira koyamba kwa mwanayo anachita kumva kwa mlamu wake, amene sanalephere kuthirapo ndemanga: "Wamwetulira ine, alamu. Inu sanakuzolowereni."

Tsiku limene apongozi anabwera kudzanunkhiza, anazungulira chipinda chonse, kugwada n'kusuzumira kunsi kwa bedi, kenaka anagwedeza mutu kuvomera. Mphezi anabweretsa mkazi ndi mwana wake kunyumba akuyenda pang'onopang'ono, ngati wasenza madzi odzaza ndowa. Mwana amene ankafuna kuti afike msanga anafika mochedwa, ndipo pang'onong'ono akanapanda kufika n'komwe. Akuluakulu sananame: kuthamanga sikufika.