Lifiti Ziwiri za a Sosten

Tsiku limenelo ku Indianapolis kunacha ndi chisanu choluma makutu, ndipo galimoto ya a Sosten inangotsokomola n'kutsirizika. Kuchokera ku Lawrence, kumene ankakhala, kukafika ku Beech Grove, kunyumba yosamalira okalamba kumene ankagwira ntchito, si mtunda wa miyendo. Anawaombola anamwino awiri a kuntchito komweko, ochokera ku Philippines: mayi Luz ankawatenga m'mawa, bambo Crisanto n'kumawatula madzulo.

Awiriwa ankamwerana madzi pa zonse, kupatula nkhani ya mu 1872, pamene asilikali ndi antchito a ku Cavite, kwawo ku Philippines, anaukira atsamunda a ku Spain, Asipanyawo n'kupha ansembe atatu powanamizira chiwembu.

"Inali nkhondo yokonzedwa bwino, yoti tilande dziko lathu," ankatero mayi Luz uku akumenya chiwongolero. "Bwanamkubwa wa Asipanya analemba yekha zimenezi. Azigogo anga sanali amantha."

"Zoona," ankayankha a Sosten. Chimwalirireni akazi awo, mawu ankawatulutsa ngati ogula.

Madzulo inali nyimbo ina. "Bodza la atsamunda limenelo," ankatero bambo Crisanto. "Anthu anangopsa mtima chifukwa anayambanso kuwakhometsa msonkho ndi kuwagwiritsa thangata. Za chiwembu anachita kupeka kuti aphe ansembe osalakwa."

"Zoona."

Mlongo wawo Evelina wa ku South Bend atamva zimenezi pafoni, anawachenjeza. "Achimwene, bwanji osangonena kuti simukudziwa? Anthu amenewa adzakudropani onse awiri, mudzasowa wokunyamulani."

"Zoona," anatero a Sosten, n'kudula foni. Mawa lake anavomeranso m'mawa, navomeranso madzulo.

Pa phwando la Khirisimasi la kuntchito, mkangano uja unabuka anthu ali pakati pa kudya.

"Funsani Sosten," anatero mayi Luz. "Mlendo sakondera. Amagwirizana nane m'mawa uliwonse."

Bambo Crisanto anaika foloko pansi. "Sosten wake uti? Uyu amandivomereza ine kuyambira pageti mpaka ku Lawrence."

Maso onse anatera pa a Sosten, amene anali atangoponya ntchafu ya nkhuku m'kamwa. Anatafuna mosafulumira, koma nyama ili ndi pothera.

"Nonse mukunena zoona."

"Ndiye ansembe aja anali achiwembu?" anafunsa bambo Crisanto.

"Ayi."

"Ndiye azigogo anga anafera msonkho basi?" anafunsa mayi Luz.

"Ayi."

Apa ndiye awiriwo anamvana koyamba chiyambire mkanganowo. Mayi Luz anati poti Sosten ndi mboni ya Crisanto, Crisantoyo azimutenga m'mawa womwe. Bambo Crisanto anati mboni ya Luz sangailande, Luz azikaitula yekha madzulo. Anagwirana chanza, n'kupatsirana keke.

Poweruka, a Sosten anaima pakhomo kuonerera magalimoto a awiriwo akutuluka motsogozana, mipando ya pambali pa oyendetsa ili yopanda munthu. Akuluakulu sananame: mapanga awiri avumbwitsa.

Anakweza kolala ya jekete, n'kuuyamba wapansi kukafuna siteji ya basi.