Chipampu cha a Mpopi

A Mpopi anagwira ntchito yozimitsa moto mpaka kumera imvi. Dzinali anawapatsa ndi anzawo, chifukwa kwa iwo vuto lililonse mankhwala ake anali madzi ambiri, othamanga.

Mwana wawo wamkazi, popita kuchipatala kukadikira mwana, anawapempha kuti iwo ndi akazi awo akakhale kunyumba kwake, azimusamalira nsomba za m'madzi amchere zomwe ankaweta m'thanki yagalasi pabalaza. M'kabati ya pansi pa thankiyo munali kathanki kosefera. Madzi ankatsikiramo ndi paipi, n'kusefedwa, kenako pampu n'kuwakankhira kumwamba. Mwa nsomba zonse, mtima wa mwanayo unali pa kachikasu kena kamanyazi komwe anakalera kuyambira kali ngati chikhadabo.

Tsiku lina pampu inafa. A Mpopi anathamangira kusitolo, n'kubwerako atakumbatira chipampu chonenepa ngati mwana wa mbuzi.

"Bambo, yakale ija inali ngati chibakera changachi," anatero akazi awo. "Paipi yotsitsa madziyi ndi yowonda. Imeza zonsezo?"

"Mayi, madzi ndakalamba nawo ine. Akathamanga ndiye ayera msanga."

Akazi awo anangopukusa mutu. A Mpopi analumikiza chipampucho, n'kumwetulira pomva chikulira. Kenako anatseka chitseko, onse awiri ulendo kukaona mwana wawo kuchipatala.

Pobwerako, madzi anawachingamira pakhomo. Chipampu chija chinkakweza madzi ambiri kuposa amene paipi ikanatha kutsitsa. Thanki yapamwamba inasefukira, kapansi kanauma, pampu n'kupsa ikupopa mpweya. M'nyumba monse munali fungo la waya wopsa, moti wozimitsa moto uja anatsala pang'ono kuyatsa wake. Nsomba zina zinali wefuwefu pakona ya thanki, koma kachikasu kaja madzi anali atakakokolola. Anakapeza pansi pa mpando katauma gwa.

A Mpopi anakatola, n'kukaika pachikhatho. Manyazi ndi chisoni zinawagwira. Akazi awo sananene kuti "ndinanena". Anangotenga chokolopera.

M'mawa mwake foni inalira. Mwana wawo anali atachira, wabadwa mdzukulu wamwamuna. Atatha kukondwera, mwana wawo wamkazi uja anafunsa ndi mawu otopa:

"Ababa, kachikasu kanga kadya lero?"

A Mpopi, amene sanaopepo malawi a moto, anayang'ana akazi awo mwamantha. Akuluakulu sananame: kuthamanga si kufika.